Phulusa la Filesi

Madzi a mjigo wa pa famu ija, pafupi ndi Macheke, anali oipa ndipo aliyense m'komboni ankadziwa. Sopo sankachita thovu, ketulo inkayera m'kati mwezi usanathe. Filesi, amene anachapa zovala za kunyumba yaikulu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ankawagonjetsa monga anamuphunzitsira mayi ake: kusefa phulusa la zitsononkho m'chitini choboola, n'kuthira chidulocho m'beseni. Madzi ankafewa, thovu n'kubwera.

Ntchitoyo ndi imene inkamusungira nyumba. Pa famu ntchito ikatha, ndiye kuti denga nalonso latha.

Mwini famu watsopano, Mai Tatenda, anabwera ndi makina ochapira kuchokera ku Harare. Filesi anaona paipi ikulumikizidwa ku thanki ya mjigo, mtima unamupweteka.

"Madamu, madzi awa adzawadya makinawo. Bwanji titunge a mvula?"

"Iwe dina batani basi," anatero Mai Tatenda, maso ali pa foni.

Anadina batani miyezi khumi ndi inayi. Matawulo anayamba kuuma gwa, malaya oyera anatuwa, kenako tsiku lina makina analira ngati mbuzi yomangidwa, n'kuzima.

Makaniko wochokera ku Ruwa, dzina lake Gray, anamasula kumbuyo n'kusolola chitsulo chotenthetsera madzi. Chinali chitakutidwa ndi zoyera zolimba, zogumuka pansi pa chikhadabo.

"Dota!" anakuwa Mai Tatenda m'Chishona, kutanthauza phulusa. "Ndinakuona ine ndi chitini chako kuseri uko. Wakhala ukuthira phulusa m'makina anga kuti ubwerere ku beseni lako!"

"Ayi madamu, chitini n'cha zovala zanga. M'makinamo sindinathiremo kanthu." Filesi anatembenukira kwa makaniko uja. "Achimwene, auzeni. Mwatsegula makina angati m'mafamu muno? Si madzi amenewa?"

Gray ankadziwa. Nkhope yake inkachita kuonetsa kuti akudziwa. Koma anayang'ana galimoto ya madamu, anayang'ana mapazi a Filesi ong'ambika, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Zingachitike zonse ziwiri, amayi," anatero.

Ha! Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kulephera kutchula madzi.

"Lachisanu ndikufuna kiyi wa nyumba," anatero Mai Tatenda. "Dzokera kumusha kwenyu. Bwerera kwanu ku Malawi."

Filesi anafuna kuseka. Malawi ankangomumva m'nyimbo za bambo ake akaledzera. Iye anabadwira m'komboni momwemo, kuseri kwa zigafa za fodya, ndipo makolo ake onse awiri agona kumanda a pa famu pomwepo, pansi pa mitengo ya bulugamu. Mkwiyo unamugwira, koma mkwiyo wa wantchito ulibe kotulukira. Anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pamwamba pa makina akufawo.

Nkhani inafika ku komboni iye asanafike. Pakhomo pake anapeza Rosalina, mnzake wa m'kwaya, amene banja lake la ana asanu linkapanikizana m'chipinda chimodzi. Anali atagwira chingwe, akuyeza zenera.

Rosalina anabisa chingwecho kumbuyo, maso pansi.

"Pepani asisi," anatero motsitsa mawu. "Chitsekochi mudzachisiya, eti?"