Theka Lina la Nkhani ya Amayi Chiku

"Matulani chimenecho," anatero Mwajabu Kibwana akuloza chithunzi chachikulu chimene chinamatidwa pakhoma la ofesi ya Shomari ku Kariakoo, mumzinda wa Dar. Pachithunzipo panali mkazi atagwira kabotolo, maso ali psuu, ndipo m'munsi mwake munalembedwa kuti Gawo Loyamba.

Shomari, mkulu wokonza mafilimu, sanadzuke n'komwe pampando. Anangokankhira pambali mbale yake ya chapati.

"Aphunzitsi, mwalowa ngati apolisi, ndi moni womwe ayi. Takhalani pansi."

"Sindikhala. Tinagwirizana filimu imodzi. Buku langa ndi limodzi, nkhani yake ndi imodzi. Mwaidula pakati bwanji?"

"Kodi mu Dar muno mwafika dzulo? Ndi filimu iti imatuluka yathunthu? Ogulitsa ma DVD pansipa sakanailandira. Munthu agule loyamba, mtima um'pweteke, abwerenso kudzagula lachiwiri. Ntchito yake ndi yomweyo."

Mwajabu anali mphunzitsi wa pulayimale ku Temeke. Bukulo analilemba zaka zinayi, ndipo linkanena za mayi ake, a Chiku, ngakhale kuti mayina anasintha. Bambo ake atamwalira iye ali wamng'ono, akuchimuna anafalitsa kuti a Chiku ndiwo anawathirira chiphe mu tiyi. Zoona zake zinali zakuti bambowo ankadwala chiwindi, n'kumabisira abale awo, ndipo kabotolo kamene anthu anakaona kanali ka mankhwala a kuchipatala. Theka loyamba la bukulo linali la mabodzawo. Theka lachiwiri ndilo linkaulula zoona.

Kwawo ku Kisarawe anawerenga bukulo anali ochepa. Koma filimu anaionera onse, chifukwa inajambulidwa konko, msika womwewo, msewu womwewo. Ndipo inathera pamene mkazi akudonthezera mankhwala m'kapu mwamuna wake atatembenuka.

"Chabwino, lachiwirilo lituluka liti?" anafunsa Mwajabu.

Shomari anakanda m'ndevu. "Apo ndiye pali kavuto. Sitinalijambule."

"Mwati chiyani?"

"Timati tiyambe taona m'mene loyambali liyendere. Kenako Sikitu, amene akusewera mayiyo, wangokwatiwa. Mwamuna wake akuti mkazi wake asaonekenso pa kanema."

"Ikani wina!"

"Nkhope ina pakati pa nkhani? Mukufuna anthu andigende? Dikirani chaka chamawa, mwina ukwatiwo ukhala utazizira."

"Mayi anga akutukwanidwa lero, a Shomari. Lero. Inu mukunena za chaka chamawa?"

"Ine mayi anu sindinawatchule. Anawalemba ndinu."

Mwajabu anatsika masitepe, nakakwera daladala, minibasi yopita ku Magomeni, kumene Sikitu ankakhala. Anaima pageti dzuwa likumuswa pamutu mpaka Sikitu anatulukira, atadzifunda bwinobwino, koma geti sanatsegule.

"Achemwali, masiku atatu okha," anachonderera Mwajabu atagwira zitsulo za getilo. "Mungojambula pamene dokotala akufotokoza za mankhwala. Zinazo zisiyeni. Ndigwada pano ngati mukufuna."

"Musagwade, aneba akuona," anatero Sikitu motsitsa mawu. "Mukuganiza kuti ine zikundikomera? Kumsika azimayi akumandikuwa kuti wopha mwamuna. Apongozi anga safuna kumwa tiyi wanga. Abambo akunyumba anditsekera chifukwa cha filimu yomweyo."

"Ndiye tiyeni timalize, nanunso muyere."

"Akandithamangitsa mudzandikwatira ndinu?"

M'nyumba munamveka mawu a mwamuna akuitana. Sikitu anatembenuka osatsanzika.

Loweruka m'mawa Mwajabu anapita ku Kisarawe. Anawapeza mayi ake atakhala pamalo awo a masiku onse, pafupi ndi pokwerera basi, beseni la zitumbuwa za mpunga lili lodzaza mpaka pakamwa. Nthawi inali itakwana kale yoti likhale litatha. Madalaivala awiri a njinga zamoto anadutsa, mmodzi n'kufuula kuti, "Amayi, zalerozi mwathiramo madontho angati?" Mnzakeyo anaseka mpaka kutsamira pa njinga.

A Chiku sanatukule mutu. Anangoingitsa ntchentche ndi kansalu.

"Amayi," anatero Mwajabu akugwada pambali pawo. "Ndayesetsa. Ndapita kwa wokonza filimu, ndapita kwa mtsikana uja. Gawo lachiwiri kulibe."

"Ndinakaonera," anatero a Chiku. "Lachitatu. Ndinakhala kumbuyo, ndadzifunda kumutu. Ngakhale nsalu imene wavala mkaziyo ndi yonga imene ndinali nayo chaka chimenecho. Unawauza ndiwe?"

"Ndinalemba m'buku."

"Anthu anali ataiwala, Mwajabu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala pano. Alongo awo a bambo ako, amene anandilavulira kumaliro, anali atayambanso kugula kwa ine. Sanapepese, ine sindinawafunse. Tinkangokhala. Iwe unandifunsa usanalembe?"

"Ndinkafuna kukuyeretsani, amayi."

"Anakuuza ndani kuti ndinali ndi litsiro?"

Mwajabu analira pomwepo, anthu akudutsa. Mayi ake sanamutonthoze. Anavundikira beseni lawo, nalisenza, n'kumapita kunyumba.

Filimuyo inkaonetsedwa m'kanyumba ka malata kuseri kwa msika, masana aliwonse. Mwini wake, a Kondo, anali mkulu wa dazi amene ankamudziwa Mwajabu kuyambira ali wakhanda. Anamvetsera pempho lake akupukusa mutu.

"Uwerenge buku? Muno? Mwana wanga, anthuwa amabwera kudzaona, osati kudzaphunzira. Akukuwiza."

"Andikuwize. Mungondipatsa malo filimu ikatha, asanatuluke."

"Nanga akakugenda ndi makoko a chinangwa?"

"Ndidzasesa ndekha."

Filimu itatha, chithunzi cha mkazi ndi kabotolo chidakali pagalasi, Mwajabu anaimirira kutsogolo. M'kanyumbamo munali motentha, modzaza mpaka pakhomo.

"Ine ndine mwana wa a Chiku," anatero. "Nkhaniyi ndinalemba ndine. Mwaonayi ndi theka chabe. Ndikuwerengerani yotsalayo."

"Tikufuna Sikitu, osati iwe!" wina anakuwa.

"Aphunzitsi, lero ndi Loweruka, kulibe sukulu!"

Anthu anaseka, mabenchi anagwedezeka, ambiri anatuluka. Mwajabu anatsegula pakati pa buku n'kuyamba. Mawu ake sankamveka chifukwa cha phokoso, ndiye anabwereza chiganizo choyamba katatu. Pamene ankatukula maso, munatsala anthu asanu ndi awiri. Pakati pawo panali azakhali ake, alongo a bambo ake aja, atapinda manja, milomo ili gwa.

Anawerenga za mwamuna amene ankasanza kuseri kwa nyumba n'kukwirira ndi mchenga. Anawerenga za mkazi amene ankayenda wapansi kukatenga mankhwala, atalumbiritsidwa kuti asauze aliyense. Pakhosi panamuuma, a Kondo anam'patsa madzi. Atafika pamene dokotala ankafotokoza za kabotolo, azakhali akewo anaimirira.

"Mchimwene wanga sankabisa kanthu kwa ine," anatero, n'kutuluka.

Otsalawo anakhala mpaka tsamba lomaliza. Mayi wina wogulitsa makala anafunsa kuti, "Ndiye bwanji sananene nthawi yonseyi?"

"Anawalonjeza malemuwo," anayankha Mwajabu, mawu atasasa.

"Mmm," anatero mayiyo, namanga nsalu yake n'kumapita.

Kunyumba a Chiku sanafunse kanthu, ngakhale anali atamva kale. Kutacha anakazinga zitumbuwa monga mwa masiku onse. Atatha anaima pakhomo n'kuloza beseni ndi chibwano.

"Senza. Ukakhale nane, akatitukwane tonse."

Anakhala limodzi pamalo paja mpaka dzuwa linafika paliwombo. Mayi wa makala uja anagula ziwiri, nadya pomwepo ataimirira, anthu akuona. Ena anangodutsa. Beseni linabwerera kunyumba lisanafike ndi pakati pomwe.

Masana amenewo Mwajabu anaimbira foni mphunzitsi wamkulu ku Temeke, nam'uza kuti sabata imeneyo sabwera. Kenako anatenga buku lake, nalowera kwa a Kondo.