Shelefu Imene Ndinawakhomera Bambo

Shelefu yakale ya pabalaza inali yopendekera kumanzere kuyambira ndili mwana. Chiswe chinadya mwendo umodzi, Bambo n'kuikapo njerwa ya hafu, amvekere ndi zongoyembekezera. Ndinapita kusukulu, ndinapita kuyunivesite, ndinabwerako ndi digiri ya masamu ndi chikwama cha zovala zosachapa, njerwayo ikuyembekezerabe.

Ntchito sinapezeke msanga, ndipo munthu wa digiri akakhala pakhomo miyezi isanu amayamba kuona zolakwika paliponse. Ndinakonza mpopi wa kubafa umene sunali kudontha kwenikweni. Ndinamata mayina pamabotolo a m'khitchini kuti Amayi, amene aphika zaka makumi anayi, asasokoneze mchere ndi shuga. M'mawa ndinkadzaza timabokosi ta manambala ta m'nyuzipepala ndi bolopeni, osati pensulo, kuti aliyense aone kuti ine sindifufuta. Bambo ankanditchula a Pulofesa. Mphaka wathu, amene timamutcha Kapitawo chifukwa amakonda kuyang'anira ntchito imene sagwira, ankanditsatira chipinda ndi chipinda, kabelu kali ngwerengwere m'khosi.

Panali chizolowezi chimodzi chimene sindinachikonze chifukwa kwa ine chinali phokoso chabe. Ikakwana folo koloko Amayi ankayamba kuphika, ndipo Bambo ankapita pashelefu, n'kusolola buku, n'kukokera mpando pakhomo la khitchini. Ankawawerengera Amayi mokweza, mawu awo akulimbana ndi anyezi m'mafuta. Anayamba zimenezi asanabereke aliyense wa ife, ndipo sankajomba ngakhale ali ndi chimfine. Bambo anagwira ntchito yosankha makalata kupositi ofesi mpaka kupuma. Amayi ankati anawalola chifukwa mwa anyamata onse amene anawafunsira, iwo okha ndiwo anabwera ndi buku m'thumba m'malo mwa chipeso. Ine nthawi imeneyo ndinkatseka chitseko n'kuvala mahedifoni.

Mabukuwo analipo 136, lililonse lokutidwa ndi pepala la khaki, dzina lake litalembedwa kumsana ndi inki imene inali itazilala. Anaikidwa mosatsata kanthu. Buku la nthano linatsamira dikishonale, dikishonale inatsamira buku la kakonzedwe ka njinga. Ndinayesa kupeza lamulo lake: kutalika, kunenepa, dzina la wolemba. Nditalephera ndinagamula kuti lamulo palibe, monga timachitira ife ophunzira.

Mchemwali wanga atabereka mwana woyamba, makolo anapita kukamuona kwa masiku anayi. Galimoto isanakhote n'komwe ndinali nditatenga kale tepi yoyezera. Wogulitsa matabwa anandifunsa ngati ndili ndi kalipentala. Nditamuuza kuti ndili ndi digiri, anandiyang'ana manja n'kundiwonjezera misomali.

Ndinagwira ntchito masiku atatu pakhonde. Ndinadula thabwa limodzi mofupikitsa, ndinadziphwanya chala chachikulu ndi hamala, ndipo Kapitawo anayenda pa vanishi wosauma n'kusaina ntchito yonse ndi mapazi ake. Koma shelefu inaima. Ndinaikapo levulo, kathovu kake n'kukhala pakati penipeni. Yakale ija ndinaiphwasula, matabwa ake n'kuwaunjika kuseri. Kenako ndinachita chimene ndinkachilakalaka kwa zaka: ndinasanja mabuku onse motsatira alifabeti.

Atabwera, Amayi anaima pakhomo la pabalaza chikwama chili m'manja. Anayang'ana shelefu, n'kuyang'ana Bambo, kenako ine.

"Mabukuwo wawabwezera mmene analili?"

Ndinawafotokozera ubwino wa alifabeti kwa mphindi zingapo. Iwo anangoti ohoo. Bambo anasisita thabwa lapamwamba ndi chikhatho, n'kunena kuti n'losalala ngati kauntala ya ku ofesi kwawo, ndipo kuti a Pulofesa akasowa ntchito ya masamu sadzagona ndi njala. Ndinalandira mawuwo ndi manja awiri.

Folo koloko itakwana, Amayi anati mutu ukuwapweteka ndi ulendo, lero zowerenga zikhale. Bambo anakana. Anati mayi wa bwato wa m'buku limene ankawerenga anamusiya pakati pa mtsinje masiku anayi apitawo, ndipo si ulemu kumusiya munthu pamadzi nthawi yonseyo. Amayi anati ndiye awatengere bukulo. Bambo anaseka, n'kufunsa kuti anayamba liti kutumikiridwa pashelefu yawoyawo. Anapita okha. Zala zawo zinayenda pa mzere wachiwiri, chimodzichimodzi, mwachangu, monga zinkayendera m'timabokosi ta makalata, n'kusolola buku lachisanu ndi chiwiri.

Tsiku limenelo ndinasiya mahedifoni. Ndinkafuna kuona shelefu yanga ikugwira ntchito. Ndinakhala pa sitepe kumbuyo kwa mpando wawo, Kapitawo ali pamiyendo panga. Bambo anavala magalasi, anatsegula chapakati, n'kuyamba. Mayi wa bwato anali kuwolotsa mwana wodwala, madzi atakwera, ndipo mlamu wake, munthu wabodza amene ankati anagwirapo ntchito pa sitima zikuluzikulu, anali atagwira mbuzi m'khosi akulira kuposa mbuziyo. Amayi anaseka pang'ono, mpeni uli pa tomato. Bambo ananyowetsa chala n'kutembenuza tsamba.

Pa tsambalo panali chithunzi cha nkhuku. Pansi pake panali tebulo la chakudya cha anapiye, sabata yoyamba mpaka yachisanu ndi chitatu.

Poyamba ndinkayesa kuti ndi nthabwala. Kenako zinthu zinayamba kugwera m'malo mwake, chimodzi pambuyo pa chinzake, mmene zimachitira timabokosi ta manambala ukapeza nambala imene inatsekereza zonse. Bambo anasiya kulimbirana nane nyuzipepala. Pothira tiyi ankaika chala pamlomo wa kapu. Potsika masitepe Amayi ankatsogola, akutsokomola pa sitepe iliyonse. Ndipo kabelu ka mphaka, kamene ndinkati ndi kochenjeza mbalame, kanali kochenjeza mapazi a Bambo. Ndiyenera kunena zoona: chimene ndinamva choyamba sichinali chisoni. Chinali chisangalalo chija cha munthu amene wapeza yankho ena asanalipeze.

Amayi anandiona nkhope. Anapukusa mutu, chikombe chili m'mwamba. Ndinawaona bwinobwino.

"Bambo, bukulo ndi la nkhuku," ndinatero. Ndikanalekera pomwepo mwina akanaseka n'kupeza chonena. Koma yankho la theka silinandikwanirepo. "Inu simukuona, eti? Mukungonena za pamtima. Munayamba liti?"

Anyezi anayamba kupserera ndipo palibe anawavundula. Chala cha Bambo chinali chikadali pa mzere umene sankauwerenga.

"Ndi la nkhuku?" anafunsa.

"Eya."

"Ndiye ndi nkhuku zodziwa nkhani."

Anatseka bukulo, anavula magalasi n'kuwapinda. Anapita pashelefu, anapapasa mpata umene unatsala, n'kulibwezera. Kenako anatenga mpando wawo n'kutuluka nawo pakhonde.

Amayi sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Mawa lake m'mawa, akutsuka mapoto ine ndikupukuta, anandiuza kuti patha zaka ziwiri maso a Bambo atasiya kuona. Anazindikira tsiku limene Bambo anawerenga kalata ya mchemwali wanga itazondoka, n'kunena zimene ankaganiza kuti mwana wawo angalembe. Sanawafunse. Bambo nawo ayenera kuti ankadziwa kuti Amayi akudziwa, koma nkhaniyo inalibe pakamwa. Popukuta fumbi Amayi ankatulutsa buku limodzi, n'kulibwezera, n'kutulutsa lina. Anati mwamuna amene wakhala moyo wake wonse akuwerengera anthu maadiresi sungamuuze kuti bwera ndikuwerengere. Umadikira anene yekha. Ndipo anati ola la folo koloko lija ndilo linali litawatsalira Bambo, poti pa china chilichonse pakhomopo ankachita kuthandizidwa mobisa.

Ndinafunsa ngati mabukuwo anali ndi dongosolo. Amayi anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi ndi onyowa. Anaikidwa mmene anagulidwira. Loyamba kumanzere pamwamba analigula sabata ya ukwati wawo.

Apa mtima unakhala pansi pang'ono, chifukwa tsopano linali funso lokhala ndi yankho. Ndinatsitsa mabuku onse. Mkati mwa chikuto cha lililonse munali chidindo cha tsiku, chija chodindira makalata. Bambo ankapita nalo buku latsopano kuntchito n'kulidinda ngati kalata yofika. Zaka zonse zinali m'menemo ndipo ine sindinatsegulepo chikuto. Mabuku 117 ndinawasanja ndi zidindozo. Otsalawo anagulidwa atapuma ntchito, ndiye ndinawayala patebulo la m'khitchini, Amayi n'kumawaloza ndi mpeni: ili tinagula denga litadontha, ili chaka chimene unalephera mayeso oyendetsa galimoto koyamba, ili kachiwiri. Panali vuto linanso. Shelefu yanga inali ya mizere isanu, yakale inali ya inayi yotalikirapo. Ndinakatola matabwa akale kuseri, ndinawayeza, n'kuphwasula ntchito yanga yonse kuti buku lililonse likhale pamene dzanja likaliyembekezere. Zinanditengera masiku awiri ndi chikhadabo china.

Nditamaliza ndinakawaitana Bambo pakhonde. Anabwera mosanyinyirika. Zala zinayenda mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi zinaima, zinasolola mabuku awiri n'kuwasinthanitsa.

"Mayi ako anasokoneza. Denga linadontha pambuyo pa mayeso ako aja," anatero. "Mwagwira ntchito, a Pulofesa."

Anabwerera pakhonde osatenga buku. Folo koloko inakwana, inadutsa. M'khitchini munkamveka mpeni pathabwa basi.

Sabata yotsatira ndinawauza Bambo kuti tipite kwa dokotala wa maso. Ndinali nditakonzekera mkangano, mfundo zanga zili pamzere, koma anangofunsa kuti avale jekete iti. Dokotala anati diso limodzi lingathandizike moti n'kumaona masitepe ndi nkhope, koma zilembo ayi. Pobwerera Bambo anandigwira pachigongono pamsewu, anthu akuona, ndipo sanachisiye mpaka pageti. Kuyambira pamenepo anayamba kupempha: ndithirireni tiyi, ndipezereni nsapato, kodi kunja kuli mitambo. Anakhala wodwala wabwino kwambiri. Aliyense ankati zinthu zayenda bwino, ndipo mchemwali wanga pafoni anandiyamikira kuti ndine ndekha ndinali ndi maso pakhomopo.

Ndinapirira khitchini yachete ija milungu itatu. Tsiku lina ndinasolola buku lachisanu ndi chiwiri pa mzere wachiwiri, ndinakoka mpando wina, n'kukhala pakhomo la khitchini. Amayi anali kusankha mpunga. Sanandiletse. Ndinafunsa pamene analekezera, anati pamtsinje paja, ndi mwana wodwala ndi mbuzi.

Ndinafufuza mutu ndi mutu. Mayi wa bwato analimo. Mtsinje unalimo. Ndinawerenga mokweza pamene ndinaona kuti pakufanana, ndi mawu anga a munthu wowerenga malangizo a mankhwala. Nditatha tsamba limodzi Amayi anati ndadumpha. Ndinabwerera m'mbuyo. Anati ndadumphabe, mlamu uja ali kuti?

Munalibe mlamu m'bukumo. Munalibe mbuzi, munalibe mwana wodwala. Linali buku la masamba 180, ndipo pa tsamba 140 mayiyo amagulitsa bwato n'kupita kukakhala kwa mwana wake kutauni, basi. Bambo anali akuliwerenga miyezi isanu. Pamene anaiwala ankaikapo zawo, ndipo zawozo zinakula mpaka kumeza bukulo.

Amayi anasiya mpunga, manja ali m'mbale. Anati ankakayikira, poti mlamuyo ankalankhula ngati malemu achimwene awo, mpaka katsokomoledwe. Kenako anati chimene chikuwavuta n'chakuti sakudziwa ngati mwanayo anafika tsidya lina. Anazinena mwamanyazi, ngati munthu wopempha mchere kwa mnansi amene anayambana naye.

Ndinatuluka pakhonde buku lili m'manja. Bambo anali pampando wawo, nkhope ataloza kumene kunali dzuwa. Zenera la khitchini linali lotsegula pamwamba pa mutu wawo, choncho anali atamva zonse. Ndinanjuta pambali pawo. Ndinapepesa, kwa nthawi yoyamba mopanda kufotokoza zifukwa. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti palibe mlandu, munthu sapepesa chifukwa choona. Ndiye ndinawauza kuti Amayi akufuna kudziwa za mwana uja. Ndinati safunika buku; angokhala pakhomo paja n'kunena, kapena andiuze ine ndikawauze.

"Pamene paja ndinkawerenga," anatero. "Tsopano ndizikangokhala nkhalamba yonena nthano mkazi wake akuphika."

"Koma anawoloka?"

Anatambasula dzanja, ndinawapatsa bukulo. Analiyeza kulemera kwake, anasisita pepala la khaki ndi chala chachikulu, n'kundibwezera.

"Maso muli nawo ndinu, a Pulofesa. Kawawerengereni zimene zalembedwamo."

Ndinabwerera kukhitchini. Amayi anali atathira mpunga m'poto, atandifulatira. Ndinakhala pampando, ndinatsegula tsamba 140, n'kuwawerengera mmene mayiyo anagulitsira bwato.