Dzino pa Thandala la Usipa

Amuna anga a Mustafa akhala akumata maboti kwa zaka makumi atatu, ndipo lamulo lawo ndi limodzi: guluu sagwira pathabwa lonyowa. Ndiye dzino lawo lakutsogolo litabenthuka podula twaini ya ukonde, anatola kachibenthuko n'kukayanika pathandala, pakati pa usipa. Masiku awiri, dzuwa la ku Salima lino!

Ndinaseka, koma mumtima munali mwakuda. Loweruka inali nikah, ukwati wa Chisilamu wa mwana wathu Sungeni, ndipo bambo ake anali atanenetsa kuti sakaonekera pagulu ndi dzino lobenthuka. Mwanayo ankangolira.

Lachinayi ndinawakokera kuchipatala. Dokotala wa mano, a Dorica, mayi wachichepere wa ku Dedza, anamasula kansalu kamene tinakulungamo kachibenthu kaja n'kukayang'ana.

"Ndaumitsiratu, adokotala," anatero a Mustafa modzitama. "Mungomata basi."

A Dorica sanaseke. Anangokaviika m'kapu ya madzi.

"Astaghfirullah! Mwandionongera ntchito!"

"Bambo, dzino si thabwa. Mkati mwake muli tiulusi tosaoneka ndi maso. Tikauma timagwerana n'kutseka njira, guluu wathu amangokhala pamwamba. Tikakhala tachinyezi timaimirira, guluu amalowa pakati n'kulukana nato."

"Ngati ukonde?"

"Eya, ngati ukonde."

Amuna anga anavomera kugonja pogwedeza mutu, zimene sindinazionepo chikwatirane.

Patatha theka la ola a Dorica anayamba. Anapaka mankhwala owawasa padzino, anatsuka, n'kuuzirapo kamphepo pang'ono chabe, osaumitsiratu. Anapaka guluu, analumikiza kachibenthu, kenako anawalitsapo kanyali kabuluu kuti alimbe. Ine ndaona anthu odziwa ntchito, koma mayi uyu ndinamugomera.

A Mustafa anakhalitsa pakalilole kufunafuna mzere wa pomatapo. Sanaupeze.

"Mwana wanga, iwe ndiwe mmisiri," anatero motsitsa mawu.

"Zikomo bambo. Koma mano si mpeni, mwamva?"

Loweruka a Mustafa anali oyamba kuvala mkanjo. Sungeni akutuluka m'nyumba, kaulusi kanalendewera pampango wake. Bambo ake anakagwira n'kuwerama mwachizolowezi kuti akadule ndi mano, koma anaimira panjira.

"Hajara, bweretsani lumo," anatero kwa ine.

Anaseka pamaso pa anthu onse aja, osatseka pakamwa. Sungeni analiranso, koma ulendo uno sindinamutonthoze.