Kalata ya Thaliyamu

Mu 1959 ndinkaphunzitsa pasukulu ya papulazi ya fodya ku Beatrice, kufupi ndi Salisbury. Ana akaweruka ndinkatsala ndekha m'shedi momwe tinkaphunziriramo, n'kumawerenga sayansi ya maphunziro a papositi. Mukomboni monse munalibe woti n'kucheza naye za zimenezi. Simao, woyendetsa thalakitala, anayesapo kamodzi.

"Aticha Lemani, mabhuku amenewa adzakuphikirani here?"

Anaseka n'kumapita. Ankandinyoza kuti ndine mtchona, chonsecho iye kwawo ku Tete anachoka ndisanamere ndevu.

Phunziro la mwezi umenewo linali la zinthu zisanu za banja la boroni, zambiri mwa izo zitsulo: boroni, aluminiyamu, galiyamu, indiyamu ndi thaliyamu. Funso linali lakuti pamafunika mphamvu zochuluka bwanji kuti uthothole elekitironi yakunja, kanthu kozungulira phata la atomu, pa chilichonse. Ndinayankha modzitama kuti ukamatsika m'banjamo elekitironi imatalikira phata, choncho imathothoka mosavuta. Pepala linabwerera lili psuu ndi inki. Wochonga analemba kuti galiyamu satsika monga ndinkaganizira, ndipo thaliyamu, wakutali kuposa onse, amagwira zolimba kuposa indiyamu.

Tsiku lomwelo ndinalandira kalata ina yochokera ku Ntcheu. Anali atsibweni a mkazi wanga Filesi. Anati zaka zisanu ndi ziwiri zakwana chichokereni ine, mwana wawo watopa kulima yekha, ndipo ndikapanda kufika pokolola, ankhoswe akhala pansi n'kuthetsa ukwati.

Mtima unandipweteka, osanama. Filesi ndinkamukonda. Koma mayeso anali mu Juni, ndipo ine, chitsiru chophunzira, ndinaona ngati nditha kupha mbalame zonse ziwiri. Ndinalemba masamba anayi. Ndinafotokoza za phata ndi elekitironi, ndinajambula ndi mzere womwe, kutsika n'kukweranso pa thaliyamu. Ndinati kutalika si kutayana, auzeni Filesi kuti ine ndine thaliyamu, andidikire mpaka Ogasiti.

Ndinkapita kusitolo Lachisanu lililonse kukafunsa makalata. Fodya anathyoledwa, anafutsidwa, anapita ku okushoni ku Salisbury. Mayeso ndinalemba.

Yankho linafika mu Julayi, kapepala kamodzi kong'amba m'kope.

"A Lemani, kalata yanu ya zitsulo tinailandira. Tinapita nayo kwa aphunzitsi a ku mishoni kuti atimasulire, nawonso anangopukusa mutu. Filesi anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati mwalembamo tsiku lofikira. Tinayang'ana masamba onse anayi, tsiku lenileni munalibe. Anakwatiwa Loweruka lapitali."