Mayina Asanu ndi Awiri a m'Chipewa cha Eulalio

Chaka chimene asilikali anamanga msasa pamwamba pa mudzi wa Chuatzam, m'mapiri a ku Guatemala, munthu ankafa chifukwa cha mawu amodzi okha. Wina akangokuloza chala n'kunena kuti ndiwe chigawenga, basi, kwako kwatha.

Eulalio Chivalán anali mmisiri wa matabwa komanso katekisiti. Wansembe anali atathawa, tchalitchi n'kutsekedwa. Choncho mwezi uliwonse Eulalio ankadutsa mapiri awiri wapansi kukatenga Ukaristia kutauni, n'kuubisa pakati pa mikate ya chimanga kuti akapatse odwala amene sankatha kudzuka.

Amene ankamuona ndi diso lofiira anali Anselmo Tzoc. Iyeyu anafunsira mwana wa Eulalio, mtsikanayo n'kumukana pamaso pa anthu, ndipo manyaziwo anasanduka chidani.

Lachinayi lina, tsiku la msika, asilikali anayi anamupeza Eulalio akupala chitseko. Anamumanga manja kumbuyo n'kumukokera pabwalo, pomwe anthu onse anali atawasonkhanitsa kale. Ataona Anselmo ataima pambali pa mkulu wa asilikali, mkwiyo unamugwira. Koma anakumbuka zimene iye mwini ankaphunzitsa, zoti Ambuye nawonso anawanamizira kwa Pilato kuti akuutsa anthu kuti aukire boma, koma sanabwezere chipongwe.

"Ndiwe umapititsa chakudya kwa zigawenga kumapiri?" anafunsa mkulu uja, mnyamata wa ndevu zochepa koma wa mawu okalipa.

"Kumapiri ndimadutsako, bwana. Koma chakudyacho ndimabwera nacho kuno."

"Bodza!" anakuwa Anselmo. "Amauza anthu kuti kukubwera ufumu wina. Mayina a gulu lake ali m'chipewamo, mufufuzemo!"

Msilikali wina anang'amba nsalu ya mkati mwa chipewa n'kutulutsa kapepala kopindapinda. Panali mayina asanu ndi awiri. Anselmo sankadziwa kuwerenga, anangomuona Eulalio tsiku lina akubisa kapepalako.

"Anthu awa ali kuti?"

"Ali m'nyumba zawo, bwana. Sangathawe."

"Ndikawatchula, atuluke aime apa."

"Kuima ndiye kuvuta," anatero Eulalio. "Lolani abale awo akawatenge."

Mkuluyo anawerenga mayinawo mokweza, ndipo pa dzina lililonse anthu awiri kapena atatu ankathamangira kumudzi, msilikali ali pambuyo pawo. Pa dzina lomaliza, Macario Tzoc, nkhope ya Anselmo inachita ngati yathiridwa phulusa.

Posakhalitsa zigawenga zija zinayamba kufika. Woyamba anali mayi wopuwala miyendo, atamunyamula pampando womangirira kumsana. Kenako nkhalamba ya chifuwa chachikulu pamachira, kenako mtsikana wodwala khunyu atagwiridwa mbali zonse. Mayi wina wogulitsa tomato analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka, ndipo kusekako kunafalikira bwalo lonse. Ngakhale asilikali ena anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Womaliza anali bambo Macario, bambo ake a Anselmo, akhungu, atawanyamula pampando, amene kale ankaimba mangolongondo pa zikondwerero zonse za m'deralo.

"Akuti chiyani?" anafunsa bambo Macario atawakhazika pansi. "Akuti ndine msilikali wa m'tchire? Ndipatseni mfutiyo, koma mundiuzenso koloza!"

"Amene wanena ndi mwana wanu," anatero mayi wa tomato uja.

Bambo Macario anatembenuzira nkhope kumene ankaganiza kuti kuli mkulu wa asilikali.

"Bwana, mwana wangayu miyezi inayi sanaponde pakhomo panga. Amene amandimeta ndevu, amene anandikhomera denga, amene amandibweretsera Thupi la Ambuye, ndi uyu mwamumangayu. Ufumu umene amanenawo ndi womwe ine ndikuudikira, ndipo sindidzapitako ndi mfuti."

Mkulu uja anafiira maso, poti anali atachititsidwa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Analamula kuti amumasule Eulalio, chingwe chomwecho amumangire Anselmo.

"Ameneyu tipita naye kumsasa."

Aliyense ankadziwa kuti wopita kumsasa sabwerako. Eulalio ankasisita manja ake otupa, ndipo mumtima mwake munali kamawu konena kuti, "Musiye, wadzipalira yekha." Koma anayenda n'kukaima kutsogolo kwa Anselmo.

"Bwana, wolakwiridwa ndine. Ndikupempha mundipatse munthuyu."

"Amafuna kukuphetsa, ukudziwa?"

"Ndikudziwa. Koma bodza lake lafera pano, aliyense waliona. Mukamupha, ndiye kuti lilime lake laphabe munthu lero. Ife tinaphunzitsidwa kupempherera otinenera zoipa, ndiye ndimupempherera bwanji ali m'dzenje?"

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, analavula pansi, n'kuponya kapepala kaja m'fumbi.

"Tenga galu wakoyo."

Asilikali atangokhota kukwera mtunda, mayi wina anayambitsa nyimbo ya Pasaka, ngakhale kuti unali mwezi wa Okutobala. Anthu anaiyankha. Sanawabwezere odwala aja kunyumba. Anawanyamula n'kulunjika nawo kutchalitchi, ndipo amuna awiri anazula matabwa amene anakhomedwa pachitseko. Belu linalira koyamba patatha chaka.

Anselmo anatsala pabwalo, iye ndi bambo ake basi, chingwe chili pamapazi ake. Eulalio anabwerera, n'kumulozera mpando wa bambo ake.

"Tagwirani mbali iyo, achimwene. Ndekha sindingathe."

Anselmo anagwira, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Ndani akundipendeketsayu?" anafunsa bambo Macario.

"Ndine, bambo."

"Ndiye nyamula bwino, iwe. Ukandigwetsa pakhomo pa tchalitchi, ndikakunenera kwa Mulungu ndekha."