Kasitomala Woyamba wa a Chipeso

A Chipeso, ometa tsitsi a kuseri kwa msika, anali ndi kasitomala mmodzi amene sankaima pamzere. Kasitomalayo anali Mulungu. M'mawa uliwonse akatsegula shopu ankapukuta mpando wozungulira uja, n'kuukoleka nsalu yoyera ngati pakhala munthu, kenako n'kuyatsa mashini.

"Lero timete bwanji, Ambuye? Mwa masiku onse?"

Akatero ankayendetsa mashiniwo m'malere, kuzemba makutu mosamala, kuwongola ndevu, kupaka spiriti, mpaka kuonetsa galasi kunkhongo. Magetsi akazima ankameta ndi sizasi, uku akupepesa. Anthu pabenchi ankangodikira, ena atagwira pakamwa kuti asaphulike ndi phwete. Wothamangira kuntchito akadandaula, ankamuyankha kuti, "Achimwene, mukufuna kudumpha Mulungu pamzere? Dumphani nokha, ine ndisakhalepo."

Musawayese amisala ayi. Anamva kutchalitchi kuti zoyamba zonse n'za Mulungu, ndipo iwo sanali munthu wochita zinthu mwachiphamaso.

Chimene chinkawadya mumtima chinali mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo. Tsiku lina, ndevu zikungoyamba kumene kumera, mnyamatayo analowa m'mawa n'kudziponya pampandopo nsalu ili kale, n'kumazungulira akuimba mluzu. A Chipeso anakuwa ngati aponda khala lamoto.

"Wakhalira Mulungu pamiyendo! Choka, ndisadzakuonenso!"

Mwana anachokadi, osati mu shopu mokha koma ndi pakhomo pomwe. Zaka zinapita. Bamboyo anamusowa mpaka lamba kumuboola mabowo atsopano, koma kuti amutchule dzina, pakamwa panali gwa.

Akazi awo, amene ankabwera kudzasesa, sankawasiya. "Bambo a mwana, ndasesa muno mpaka masache kutha, koma sindinaonepo ngakhale katsitsi kamodzi ka kasitomala wanuyu. Kapena ndi wadazi?"

"Mayi, pakamwa panupo padzakupalamulitsani."

Ndiye m'mawa wina, mashini ali mkati molira pampando wopanda munthu uja, pakhomo panaima mwamuna wowonda, tsitsi lili nyankhalala mpaka m'mapewa, kachikwama kali kumsana. Anali mwana uja.

"Bambo, ndikungodutsa. Basi yanga ikudzaza pasiteji apo. Ndimati mwina mundimete, koma ndaona kuti muli ndi Mlendo. Basi, ndapita."

A Chipeso anaima mashini ali m'manja. Kuyang'ana pampando, Mulungu anali atangometedwa mbali imodzi yokha. Munthu wamba sungamusiye mutu uli theka, nanga kuli bwanji Mwini kumwamba? Kuyang'ana pakhomo, mwana anali atatembenuka kale, ndipo kondakitala ankamveka akukuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi. Anadziwa kuti akapita ulendo uno sadzabweranso, ndipo anachita mantha kwambiri.

Anazimitsa mashini, n'kuwerama pafupi ndi pamene pankakhala khutu la kasitomalayo.

"Ambuye, Inunso muli ndi Mwana mmodzi yekha. Tandiuzani, nditani?"

Anatchera khutu. Pabenchi, ngakhale wothamangira kuntchito uja anaiwala wotchi yake. A Chipeso anagwedeza mutu, nati, "Chabwino, Ambuye, ndamva. Pepani." Kenako anathamangira pakhomo chipeso chili m'manja.

"Iwe! Tabwerera! Akuti akhala akukusungira malo zaka zonsezi, mpaka msana wawawawa. Akuti ukhale msanga."

Mwanayo anabwerera, koma anafika pampandopo mwamantha. Anayamba wapapasa ndi dzanja, ndiyeno n'kukhala cham'mphepete.

"Sendera bwinobwino," anatero bambo ake, akumumanga nsalu yoyera ija m'khosi. "Adzuka."

Mashini amene anazolowera kudya mphepo m'mawa anatsamwa kawiri konse asanagwire. Tsitsi linayamba kugwa, lambiri, lafumbi, lonunkha misewu. Basi inaliza hutala n'kunyamuka, koma palibe anatembenuka.

Mayi aja atafika ndi tsache anaima pakhomo, n'kuona mulu wa tsitsi pansi pa mpando wa Mulungu. Anayang'ana nkhope imene inali m'galasi.

"Kani si wadazi," anatero.

A Chipeso anawalanda tsachelo. "Ili ndisesa ndekha."

Anasesa, koma misozi inawatchinga m'maso, moti ankangolibalalitsa.