Wometa Anaseka Nawo

Wometa uja anali mkulu wa mpingo, ndipo Baibulo lake linkakhala m'dilowa limodzi ndi zipeso ndi malezala. Tsiku lina m'mawa, akusesa tsitsi, mlongo wake anafika maso ali psuu, mwana ali kumsana.

"Achimwene, alamu anu apeza mkazi wina, ndipo sakubisanso. Akabwera kudzameta muwawerengere Mawu a Mulungu. Inu amakupatsani ulemu."

"Pukuta misozi. Nkhani imeneyo isiye m'manja mwanga."

Mlamuyo anali makaniko, munthu wa pakamwa pokoma, woti akalowa m'nyumba ngakhale ya maliro anthu amabisa mano. Anabwera Loweruka, benchi itadzaza ndi odikira. Wometa anamukulunga nsalu m'khosi, nakhosomola pang'ono.

"Alamu, pali kankhani. Malemba amanena kuti banja..."

"Eee, ulaliki wayambika!" anakuwa makaniko. "Alamu, buku limenelo analemba anthu akuyenda pa abulu. Masiku ano galimoto yopanda tayala la sipeya ndani angakwere?"

Benchi yonse inafa ndi phwete. Wina anati dziko linasintha, wina anati ngakhale otsogolera nyimbo kutchalitchi ali ndi kwina kopumira. Wometa anayang'ana pagalasi, naona nkhope zonse zikumudikira. Dilowa linali pafupi ndi bondo lake. Sanalitsegule.

"Bola matayalawo asaphulike onse pamodzi," anatero iye, ndipo anaseka kuposa onse.

Madzulo mlongo wake anadutsa. "Mwawauza?"

"Ndawauza. Amva."

Mayiyo anawomba m'manja, nathokoza mpaka kugwada pasimenti yodzaza tsitsi. Wometa anayang'ana kumbali. Lamulungu anaima kutsogolo kuti awerenge Mawu, koma lilime linalemera ngati lonyowa ndi phula, mpaka anapempha mnzake kuti amalize.

Bodza silinachedwe kutha mpweya. Mlongoyo anabweranso, ulendo uno wopanda misozi.

"Alamu anu akuti inunso munaseka. Akuti, 'Ngati mkulu wa mpingo wavomereza, iwe ndiwe ndani?'" Anakonza nsalu ya mwana. "Ine sindinakutumeni kukanena nzeru zanu, achimwene. Zanuzo akanatsutsa, n'zoona. Ndinakutumani ndi Mawu oti si anu, si anga. Munawachitira manyazi."

Wometa anatseka shopu dzuwa lili pamutu, natenga Baibulo, napita kugalaja. Anapeza mlamu wake ali chagada pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. Anaima pomwepo nawerengera miyendoyo za pangano la ukwati, amakaniko ena atasiya masipanala.

"Ndinalakwa kuseka," anamaliza. "Izi zinali zoona Loweruka lija, ndi zoonabe lero."

Pansi pa lole panatuluka mawu: "Mukadanena tsiku lija, mwina. Pano mwachedwa, alamu. Mkazi winayo ndalowetsa kale katundu wake m'nyumba."

Sabata yomweyo mlongo uja anasamukira kwa mchimwene wake ndi ana ake. Wometa anasenza yekha matiresi pamutu, kudutsa pakhomo pa shopu yake, makasitomala akuyang'ana. Atafika anawatsitsa m'chipinda cha ana a iye mwini, nafunsa ngati pakufunikanso china.

"Bulangete limodzi," anayankha mlongo wake, osamuyang'ana.

Wometa anapita kukachotsa la pabedi pake.